Pulogalamu yathu ya ma highlights a mpira wa makalabu: momwe ntchito ikuyendera

Izi ndi zomwe ndimalemba ndekha pa ntchito ya pulogalamu yathu ya pa TV ija yoonetsa ma highlights a mpira wa makalabu, Champions League, Europa League, Libertadores ya ku South America, ya CAF ndi ina yotero. Ambiri mumafunsa kuti kodi zimaphikidwa bwanji mpaka zifike pa sikirini, nde ndangoziika pano momwe zilili. Pulogalamu ndi ya mphindi 26. Gulu lake ndi ine amene ndimakonza ndandanda ya magemu ndi kulemba sikilipiti, maedita awiri, achemwali a ma graphics, achimwene a sound, anyamata olemba ma log (ndandanda wa zomwe zachitika mu gemu), a presenter, ndi a bwana pamwamba pathu.

20 Sepitembala 2024

Sabata yoyamba ya Champions League ya mtundu watsopano yadutsa ndipo masamu akutikana. Kale kunali matimu 32 m'magulu 8, pano ndi matimu 36 pa tebulo limodzi, timu iliyonse isewera magemu 8 ndi matimu 8 osiyana, anayi pakhomo anayi koyenda. Ndiye kuti sabata iliyonse magemu ndi 18, ndipo gawo la ligi lokhali lili ndi magemu 144. Pa mphindi 26 zija mukachotsapo zotsegulira, zolankhula a presenter, tebulo ndi zotsekera, zimatsala mwina 21. Gawani ndi 18, mupeza masekondi 70 pa gemu. Nde Bayern yakwapula Dinamo Zagreb 9-2, zigoli 11, Kane yekha zinayi. M'masekondi 70 mulowetsamo chani pamenepa?

Tagwirizana kuti magemu sangafanane. Imodzi kapena awiri azitenga mphindi zinayi, ena apakati mphindi imodzi ndi theka, otsalawo zigoli zokha ndi mawu a presenter pamwamba. Pa zigoli za Kane zitatu zinali mapenate, amenewo tawaonetsa kamodzi kamodzi opanda ripulei, munthu sufuna kuona penate kuchokera mbali zitatu pokhapokha pakhale nkhani.

Vuto lina ndi tebulo. Mizere 36 pa sikirini imodzi siwerengeka, pa foni nde zilembo zake zimangooneka ngati nyerere. Achemwali a ma graphics aligawa patatu motsatira malamulo a mpikisano omwewo: 1 mpaka 8 omwe amapita okha mu ndime ya matimu 16, 9 mpaka 24 omwe amakachita kaye play-off, ndi 25 mpaka 36 omwe amapita kwawo basi, kulibenso zotsikira ku Europa ngati kale. Tsamba lapakatilo lili ndi matimu 16 nde aliika m'mizati iwiri. Likuoneka bwino ndithu.

Zomwe sitinamvane ndi a bwana: iwo akuti tiziyamba ndi matimu otchuka nthawi zonse chifukwa ndi omwe anthu amatsegulira TV. Ine ndikuti tiziyamba ndi gemu yomwe inali yabwino. Pakadali pano apambana ndi iwo.

24 Okutobala

Takonza kalembedwe ka log, chifukwa aliyense amalemba mwake ndipo maedita amataya nthawi kufunafuna. Kwa omwe simudziwa, gemu ikamaseweredwa pamakhala munthu akuonera feed, kanema yemwe amatifika kuchokera ku bwalo, ndi kulemba chilichonse chomwe chingafunike: timecode (nthawi ya pa kanemayo), mphindi ya gemu, wosewera, chomwe chachitika, ndi ripulei yomwe ili yabwino. Edita saoneranso mphindi 90, amangotsatira log. Log ikakhala yaulesi pulogalamu imatulukanso yaulesi.

Chitsanzo cha dzulo, Barcelona 4 Bayern 1. Wina angolemba kuti "36, Lewandowski, chigoli" nkupitiriza. Koma chigoli chisanalowe Fermín López anakankhako Kim Min-jae kumsana pomwe amalumphira mpira, a Bayern anadandaula, oyimbira anati palibe. Ngati pa log palibe mzere umenewo edita ayambira pomwe Fermín wagwira kale mpira, ndipo woonera sadziwa chomwe anthu akukanganirana mawa lake. Nde lamulo pano ndi lakuti pa chigoli chilichonse ulembenso pomwe chinayambira, kaya ndi masekondi 10 kaya 40 m'mbuyo. Raphinha anamwetsa zitatu, choyamba mu mphindi yoyamba yeniyeni, amene anali asanakhazikike pa mpando anachiphonya.

Achimwene a sound nawo apempha kuti tizitenga feed yomwe phokoso la m'bwalo lili pa tchanelo chake, mawu a commentator pa chakenso. Zikasakanizidwa kale sungadule pakati pa chiganizo cha munthu, umakakamizika kusiya kanema atalike chifukwa choti commentator sanamalize kuyankhula. Chimodzimodzi ndi zithunzi, timafuna clean feed yopanda wotchi ndi sikoo za eni ake pakona, kuti tiikepo zathu.

27 Novembala

Manchester City 3 Feyenoord 3. Gemu imeneyi yandithandiza pa mkangano womwe takhala nawo kuyambira pachiyambi, woti kodi ntchito yathu ndi chani kwenikweni. Zigoli aliyense amakhala waziona kale pa foni gemu isanathe nkomwe. Ngati ife tibwera mawa lake ndi zigoli zomwezo zondondozana, munthu atsegulira chani? Chomwe foni simupatsa ndi chifukwa chake gemu inatembenuka.

City imatsogola 3-0, Haaland ziwiri Gündoğan chimodzi, mpaka mphindi ya 75. Edita woyamba anadula zigoli zisanu ndi chimodzi bwinobwino, mphindi ziwiri, zoyera. Koma ukaonera sumva kanthu, zikungokhala ngati Feyenoord inadzuka yokha. Tinabwereranso ku log. Chigoli cha Hadj Moussa chinachokera pa pasi yobwezera kumbuyo ya Gvardiol yomwe inafupika, nde tayambira pa pasiyo ndipo ripulei tasankha ya kamera ya pamwamba yoonetsa kuti panalibe amene amamuthamangitsa kwambiri. Kenako Giménez, kenako Hancko mu 89 Ederson atatuluka pagolo nkuphonya mpira. Pakati pake taikamo masekondi atatu okha a Guardiola atagwira kumutu, ndi phokoso la m'bwalo likusintha, opanda mawu a presenter. Ndipo mu sikilipiti tanenamo chiganizo chimodzi kuti City inali itagonja magemu asanu otsatizana isanafike apa, chifukwa popanda zimenezo mantha aja sakumveka komwe akuchokera. Zatenga mphindi zitatu ndi theka ndipo tayamba nayo, a bwana sanatsutse poti ndi City yomwe.

2 Disembala

Fainolo ya Libertadores, Loweruka ku Buenos Aires, Botafogo 3 Atlético Mineiro 1. Matimu onse a ku Brazil. Gregore anaona khadi yofiira mu mphindi yoyamba atakweza phazi mpaka kumutu kwa mnzake, nde Botafogo yasewera gemu yonse ndi anthu 10 nkutenga chikho chake choyamba cha Libertadores. Apa zoti tiyambire pati panalibe kufunsa. Chomwe ndinalimbikira ndi choti ka graphic koonetsa kuti ali 10 kakhale pakona mpaka kumapeto, chifukwa woonera amaiwala, akaona Luiz Henrique ndi Alex Telles akumwetsa amayamba kuganiza kuti ndi gemu wamba.

Tayambanso pepala la katchulidwe ka maina. A presenter amayesetsa koma maina a Chipwitikizi, Chitheki, Chijojiya onse usiku umodzi ndi nkhondo. Pano dzina lililonse lovuta timalemba momwe limamvekera pambali pake mu sikilipiti.

30 Januwale 2025

Usiku womwe takhala tikuuopa kuyambira Sepitembala. Magemu onse 18 otsiriza a ligi anayamba nthawi imodzi, 21:00 ya ku Central Europe, kuti pasakhale timu yodziwiratu zotsatira za anzake. Zigoli 64. Anatiwonjezera nthawi ya pulogalamu koma ngakhale choncho 64 kuchulukitsa ndi masekondi 15 ndi mphindi 16 za zigoli zokha zopanda ripulei, zopanda nkhani.

Tinabwereka anthu olemba log kuti aliyense asapitirire magemu awiri, ndipo aliyense anauzidwa kuti wotchi yake igwirizane ndi ya mu situdiyo osati ya gemu, chifukwa magemu sayamba chigawo chachiwiri pa sekondi imodzi, kwina awonjezera mphindi ziwiri kwina zisanu. Chifukwa chake ndi ichi: tinaganiza zosiya kudula gemu ndi gemu. Nkhani ya usikuwo inali pa mzere wa pakati pa nambala 24 ndi 25, ndipo mzere umenewo umasuntha chigoli chikalowa ku bwalo lina. Nde magemu okhudza mzerewo tawaluka pamodzi motsatira nthawi, Manchester, Zagreb, Lisbon, Stuttgart, uku ka tebulo kakang'ono ka nambala 20 mpaka 27 kali pambali kakusintha.

Zinayenda motere. Onyedika wamwetsa chigawo choyamba chili pafupi kutha, Club Brugge 1 City 0, ndipo pa tebulo City ili kunja kwa mpikisano. Tasiya ka tebulo kaja masekondi anayi athunthu, a presenter chete. Kenako Kovačić wabweza, Ordóñez wadzimwetsa yekha, Savinho watseka 3-1. Ku Stuttgart kunalibe zokoka, PSG inathira 4-1 Dembélé zitatu. Ku Zagreb Dinamo yagonjetsa Milan 2-1, masapota akusangalala, koma pomaliza City, Sporting, Brugge ndi Dinamo onse ali ndi mapointi 11. Brugge yomwe yagonja yalowa pa 24, Dinamo yomwe yapambana yatsala pa 25. Kusiyana kwa zigoli: Brugge -4, Dinamo -7.

Ndipo -7 ameneyo ndi 9-2 uja wa ku Munich wa sabata yoyamba. Magemu ena onse asanu ndi awiri zigoli zomwe anamwetsa ndi zomwe anamwetsedwa zinali zofanana. Akanangogonja 5-2 tsiku lija bwenzi ali mkati. Edita wachiwiri ndi amene anazindikira cha m'ma 1 koloko usiku, anangoti "a bwana taonani izi" nkutsegula foda ya Sepitembala. Taikamo masekondi 12 a zigoli zomaliza za Bayern zija, zomwe panthawiyo timaziona ngati zongodzadzira, kenako nkubwerera ku nkhope za osewera a Dinamo ku Zagreb. Kwa ine masekondi 12 amenewa ndi abwino kuposa chilichonse chomwe tapanga chiyambireni.

Enawo tinawathamangitsa. Liverpool inagonja 3-2 ku PSV ndi timu ya achinyamata koma yamalizabe pamwamba ndi mapointi 21, masekondi 50. Lille 6 Feyenoord 1, Lautaro zitatu pa Monaco, Morgan Rogers zitatu pa Celtic zomwe zaika Aston Villa pa nambala 8. Real Madrid yawina 3-0 koyenda pa gemu ndi Brest ndipo yabwera chakumapeto kwenikweni kwa pulogalamu, a bwana anangopukusa mutu koma anasiya.

Chomwe chinavuta ndi seva, kompyuta yaikulu yomwe timasungirapo makanema. Ma feed 18 kujambulidwa nthawi imodzi uku maedita akukoka mafayilo omwewo, kanema amadodoma. Tapempha kuti chaka chamawa usiku ngati uwu tizidulira pa makope opepuka, enieniwo alowe pomaliza.

13 Malichi

Ndime ya matimu 16 yatha, zinthu ziwiri zolemba.

Choyamba ndi gemu yoyamba ya PSG ndi Liverpool ku Paris sabata yatha. Chigoli chimodzi, Harvey Elliott mu 87 atangolowa kumene, Liverpool 1-0. Mutaonetsa chigoli chokhacho mwanama, ngakhale palibe bodza lomwe mwayankhula. Gemu yonse inali ya PSG ndi Alisson amene anatulutsa mipira 9. Tinaika isanu mwa imeneyo motsatizana mwachangu, kenako Elliott, ndipo amene anaonera anamva kuwawa komwe a ku Paris anamva. Zinathandizanso sabata ino, poti PSG itakawina 1-0 ku Anfield nkudutsa pa mapenate Donnarumma atagwira ya Núñez ndi ya Curtis Jones, woonera wathu sanadabwe.

Chachiwiri ndi penate ya Julián Álvarez dzulo pa Atlético ndi Real Madrid. Anatereka pomenya, mpira unalowa, VAR inati waukhudza kawiri, phazi loponda kenako lomenya, chigoli chakanidwa, Real yadutsa 4-2 pa mapenate. Tinali ndi maripulei angapo ndipo palibe yomwe ikuonetsa poyera pa liwiro la masiku onse. Edita amafuna tikuze chithunzi ndi kujambulapo kamzere kozungulira phazi. Ndinakana. Ukakuza kwambiri chithunzi chimaphwanyika, ndipo kamzere kamauza munthu zoti aone asanaone yekha. Taonetsa ya kutsogolo ndi ya m'mbali, pang'onopang'ono, kamodzi kamodzi, a presenter anena chomwe lamulo likunena ndi chomwe oyimbira anagamula, basi. Kenako Simeone akufunsa atolankhani kuti amene waona mpira ukukhudzidwa kawiri akweze mkono. Zoti analakwa ndani tasiyira a pa Facebook, kumeneko sikusowa oweruza.

26 Epulo

Semifainolo ya CAF Champions League yatipezera chibowo mu ma graphics. Template yathu ya magemu a miyendo iwiri inapangidwa motsatira UEFA, komwe lamulo la zigoli za koyenda analichotsa mu 2021, CONMEBOL ya ku South America nayo inachotsa mu 2022. Nde zigoli zikafanana pamodzi template imangolemba kuti nthawi yowonjezera. Koma ku CAF lamuloli likugwirabe ntchito. Mamelodi Sundowns ndi Al Ahly analepherana 0-0 ku Pretoria, dzulo ku Cairo 1-1, Yasser Ibrahim atadzimwetsa yekha gemu ikutha, ndipo Sundowns yadutsa pa chigoli cha koyenda. Al Ahly ya zikho 12 yatuluka osagonja gemu mwa awiriwo. Achemwali anazigwira tikuyeserera pulogalamu isanapite, nde awonjezera posankha mpikisano kuti lamulo lizisintha lokha. A presenter nawonso tawalembera chiganizo chofotokoza, chifukwa amene anazolowera za ku Europe akaona 1-1 ndi anthu akulira sangamve.

Ma feed a magemu ena amatipeza mochedwa komanso ndi makamera ochepa, ripulei imodzi yokha ya kutali. Pamenepo timadalira phokoso la m'bwalo, ndipo la ku Cairo silifuna kuwonjezera kanthu, achimwene a sound anachita kulitsitsa kuti lisadutse -23 LUFS, mulingo wa kukwera kwa mawu womwe timayendera.

Za kumayambiriro kwa mwezi zomwe sindinalembe: mafirikiki awiri a Declan Rice pa Real Madrid, Arsenal 3-0. Ripulei ndi ya kuseri kwa womenya basi, ndi yokhayo yomwe imaonetsa mpira ukupinda kuzungulira khoma. Zina zonse tinataya.

7 Meyi

Inter 4 Barcelona 3, pamodzi 7-6. Tapereka mphindi zisanu ndi ziwiri ku gemu imodzi, chiyambireni sitinachitepo, ndipo zinachepabe.

Kuvuta kwake ndi koti gemu inatembenuka kangapo ndipo kutembenuka kulikonse kumafuna kapumidwe kake. Lautaro ndi penate ya Çalhanoğlu, 2-0 popita kopuma. Eric García ndi Dani Olmo abweza. Pakati apo Sommer anatulutsa mpira wa García womwe unali chigoli kale, umenewo sungausiye. Raphinha mu 87, 3-2, ena mwa masapota a Inter ayamba kutuluka mu San Siro. Kenako chomwe ma highlights ambiri afupikitsa: Yamal anamenya chitsulo mu nthawi yowonjezera ya oyimbira, mpira ukanalowa nkhani yatha, ndipo pasanathe nthawi Acerbi, wotchinga kumbuyo wa zaka 37, ali kutsogolo ngati sitiraika akumwetsa mu 93. Tadula kuchokera pa chitsulo kupita pa Acerbi opanda ripulei pakati, ripulei zonse zabwera pambuyo, kuti woonera amve kufupika kwa nthawiyo. Frattesi mu 99 mvula ikugwa, kenako Sommer kachiwiri ndi nsonga za zala pa shoti ya Yamal.

Pa sikilipiti ndinafufuta pafupifupi theka la zomwe ndinalemba poyamba. Gemu yotere a presenter akamayankhula kwambiri amangotchinga.

2 Juni

Mafainolo onse adutsa. Tottenham 1 Manchester United 0 ku Bilbao, gemu yosakoma, chigoli cha Brennan Johnson chosakomanso, chithunzi chenicheni ndi Van de Ven akuuluka kuchotsa mpira pa mzere, chikho choyamba cha Spurs kuchokera 2008. Chelsea 4 Real Betis 1 ku Wrocław mu Conference League. PSG 5 Inter 0 ku Munich Loweruka, kusiyana kwa zigoli komwe sikunachitikepo mu fainolo ya chikhochi, Hakimi osasangalala pa timu yake yakale, Doué ziwiri ali ndi zaka 19, Kvaratskhelia, Mayulu. Kudula kwake kunali kosavuta, gemu ya mbali imodzi imadzikonza yokha. Tinangokumbutsa kuti PSG yomweyi inamaliza pa nambala 15 mu Januwale.

Dzulo Pyramids yagonjetsa Sundowns 2-1 ku Cairo, pamodzi 3-2, chikho chawo choyamba, Fiston Mayele anatsegula. Ndinamenyera kuti ilandire mphindi zinayi mu pulogalamu yomweyo ya PSG osati kuponyedwa kumchira, ndipo yalandira zitatu ndi theka.

30 Juni

Timayembekeza kupuma koma Club World Cup ya matimu 32 ku America ili mkati, magemu 63. Mavuto ake ndi atsopano.

Loyamba ndi mafelemu, zithunzi zomwe zimadutsa pa sekondi imodzi mu kanema. Kanema wa ku America amayenda pa 59.94 pa sekondi, ife timaulutsa pa 50. Ukangotembenuza mwachisawawa, mpira ukamauluka kapena kamera ikamatsatira wothamanga chithunzi chimanjenjemera, makamaka mizere ya bwalo ndi zikwangwani za m'mbali. Pulogalamu ya pa kompyuta yomwe imatembenuza bwino imadya nthawi, nde sitingadutsitse gemu yonse. Pano tikudula kaye, kenako kutembenuza zodulidwa zokhazo. Zikuchedwetsa ndi mphindi zingapo koma maso akupuma.

Lachiwiri ndi nyengo. Kukachita ziphaliwali pafupi ndi bwalo gemu imaimitsidwa. Benfica ndi Chelsea ku Charlotte inaima kutatsala mphindi zochepa Chelsea ikutsogola 1-0 ndi firikiki ya Reece James, anthu anadikira pafupifupi maola awiri, atabwerera Di María wamwetsa penate, nthawi yowonjezera, Chelsea 4-1. Mnyamata wa log anakhala pampando maola opitirira anayi pa gemu imodzi, ndipo fayilo yojambulira inali itaikidwa kuti izime yokha pakatha maola atatu, mwamwayi anaiwonjezera pamanja. Pano zojambulira zonse za mpikisanowu sizizima zokha. Mu pulogalamu kuimako tinakuonetsa ndi masekondi asanu, bwalo lopanda anthu ndi uthenga wa pa sikirini ya m'bwalo, chifukwa popanda zimenezo sizimveka kuti Chelsea inazizira bwanji.

Palinso kamera ya pa oyimbira. Yokoma ndithu, umaona momwe mpira umathamangira ukakhala pakati pa osewera, koma imagwedera ndipo ukaiika kawiri katatu mutu umazungulira. Talola imodzi pa pulogalamu. Lamulo latsopano la masekondi 8 kwa goloboyi, akapitirira ndi mpira m'manja ndi kona, linamugwira Ronwen Williams wa Sundowns pa gemu ndi Ulsan, ndipo tinachita kuikapo wotchi yathu pakona kuti anthu awerenge okha. Paja IFAB, bungwe lokonza malamulo a mpira, yafotokozanso za penate yokhudzidwa kawiri mwangozi, pano ikalowa imabwerezedwa. Kanema wa Álvarez tamusunga pafupi, adzafunika tsiku lomwe zidzachitikenso.

Pa kasankhidwe ka magemu mpikisanowu wandithandiza. Bayern 10 Auckland City 0 tinaipatsa mphindi imodzi. Auckland yomweyo, ya osewera omwe ali ndi ntchito zina masana, italepherana 1-1 ndi Boca Juniors tinayamba nayo. Botafogo 1 PSG 0, Al Ahly 4 Porto 4, Sundowns 3 Dortmund 4, onsewa akwera pamwamba pa matimu otchuka omwe anawina mosavuta, ndipo palibe amene wadandaula.

15 Julayi

Chelsea 3 PSG 0 ku MetLife, Palmer ziwiri zofanana ngati wachita kukopera, nde taziika pambali ndi pambali pa sikirini imodzi, João Pedro chachitatu, zonse chigawo choyamba. João Neves khadi yofiira pokoka tsitsi la Cucurella. Al Hilal 4 City 3 ya kumayambiriro kwa mwezi ndiyo gemu yomwe maedita onse awiri asankha kuti inawakomera kudula. Sizoni yatsekedwa.

Zotsala tisanayambenso mu Sepitembala. Seva yadzadza, ndipo mapangano a ufulu woonetsa ali ndi malire a nthawi yomwe tingagwiritse kanema wa mpikisano uliwonse, nde sabata ino ndi ya kusanja, zomwe tili nazo ufulu zipite ku archive ndi ma log ake, zinazo zifufutidwe. Ndapempha kuti magemu onse a ligi azisungidwa pafupi mpaka Januwale adutse, osati zigoli zokha. Makope opepuka aja sanayesedwebe ndi ma feed 18, a zamakina akuti mu Ogasiti. Achemwali akukonza ka tebulo kosuntha kaja kuti kazitenga manambala kokha m'malo molemba pamanja usiku. Pepala la maina lidikira mayere a ligi kumapeto kwa Ogasiti kuti tidziwe matimu atsopano. Ndipo tikufunabe munthu wachitatu wa log amene angakhale maso pa magemu a Libertadores, ndime ya matimu 16 ikuyamba mwezi wamawa ndipo omwe alipo awiriwa akana kale.